Nkhuku za m'madzi za pa zilumba: mafunso amene timafunsidwa kawirikawiri

Chiyambireni kuzungulira madambo a ku Ulongwe ndi ku Domwe m'mamawa, zoonera patali zili lendelende pakhosi, mafunso sanatithere. Ena amatifunsa tikakumana kumadimba, ena m'chapa popita ku Tete, ena pa WhatsApp usiku. Ambiri amabwerera pa mbalame zimene timazitchula kwambiri ngakhale zili kutsidya kwa nyanja, nkhuku za m'madzi za pa zilumba. Mafunso obwerezabwereza aja tawaika pamodzi pano.

Kodi mbalame zimenezi ndi ziti kwenikweni?

Ndi banja limene asayansi amalitcha Rallidae, ndipo lili ndi mitundu pafupifupi 150 padziko lonse. M'Chipwitikizi mumva akuti frango-d'água kapena galinha-d'água. Ife timangoti nkhuku za m'madzi, ngakhale sizili pachibale ndi nkhuku ya m'khola. Kungoti kayendedwe kake, kugwedeza mutu ndi kutukula kamchira, kamakumbutsa msoti.

Thupi lake ndi lopyapyala m'mbali, ngati lapanikizidwa pakati pa matabwa awiri, motero imadutsa m'bango popanda kugwedeza ngakhale tsamba limodzi. Zala ndi zazitali zoyendera pamatope. Ikaopsezedwa siuluka msanga ngati nkhwali kapena zinziri. Imathamanga chowerama n'kuzimirira. Zambiri zili kumtunda ngati kwathu kuno, koma pali zina zimene zimapezeka pa chilumba chimodzi chokha, kapena pa tizilumba tiwiri titatu, ndipo kunja kwa pamenepo kulibe. Zambiri za pa zilumbazi siziuluka.

Zinafika bwanji pa zilumba ngati siziuluka?

Makolo ake ankauluka. Mbalame za banja limeneli zimaoneka zaulesi masana, koma zambiri zimayenda maulendo aatali usiku, ndipo mphepo ikazisokoneza zimakatera kutali. Zikafika pa chilumba chopanda mphaka, chopanda nyenga, chopanda munthu, mapiko amasanduka katundu. Minofu youlukira imadya chakudya chambiri, ndiye ana amene abadwa ndi mapiko aafupi ndi miyendo yamphamvu amapulumuka bwino pa nthawi ya njala kusiyana ndi anzawo. Mibadwo ikamapita, kuuluka kumatha. Izi zachitika kambirimbiri, pa zilumba zosiyanasiyana, ndipo palibe banja lina la mbalame limene lazichita mobwereza chotere.

Pamodzi ndi mapiko, nthawi zambiri amataya mantha. Zotsatira zake tazifotokoza pa funso la zimene zimazipha.

Yapafupi kwambiri ndi Mozambique ndi iti?

Ndi ya khosi loyera, Dryolimnas cuvieri. Ndi yaitali pafupifupi masentimita 30, mutu ndi chifuwa zofiirira ngati dothi la katondo, msana wobiriwira modera, ndipo pakhosi pali chigamba choyera mbee. Ku Madagascar, komwe pamalo opapatiza pa nyanja ndi mtunda wa makilomita oposa 400 pang'ono kuchokera ku gombe lathu, imakhala m'madambo, m'mphepete mwa mitsinje ndi m'minda ya mpunga, ndipo imauluka.

Mlongo wake ali pa Aldabra, chilumba cha dziko la Seychelles chimene chili kumpoto chakumadzulo kwa Madagascar. Ameneyu sauluka. Ndiye mbalame yomaliza yosauluka imene yatsala pa zilumba za chigawo chino cha nyanja ya Indian. Anzake onse anatha. Aldabra ndi mkombero wa miyala ya m'nyanja wozungulira thamanda lalikulu pakati, kwawo kwa afulu akuluakulu oposa 100,000, ndipo UNESCO inaika malowa m'kaundula wa chuma cha dziko lonse mu 1982.

Chodabwitsa n'chakuti ya ku Aldabra si yobisala ayi. Amene anafikako amasimba kuti imabwera yokha kudzaona mlendo, n'kumajompha zingwe za nsapato. Imadya tizilombo, tinkhanu, ngakhale tiana ta akamba a m'nyanja tikangoswa. Vuto si kuiona, vuto ndi kukafika kumeneko.

Ndinamva kuti mbalame ya ku Aldabra inatha n'kubweranso. Ndi zoona?

Ndi zoona, koma osati monga mmene zimayendera pa Facebook, ngati yauka kwa akufa. Mu 2019 ofufuza awiri, Julian Hume ndi David Martill, anafalitsa zimene anapeza poyerekeza mafupa akale a pachilumbapo. Zaka pafupifupi 136,000 zapitazo nyanja inakwera n'kumiza Aldabra yense. Nkhuku ya m'madzi yosauluka imene inalipo inalibe kothawira, inathera pomwepo. Madzi ataphwera, chilumba chinatulukanso, ndipo za khosi loyera zina zinaulukanso kuchokera ku Madagascar n'kudzatera pamalo omwewo. Nazonso patapita mibadwo zinasiya kuuluka.

Ndiye si mbalame yomwe ija. Ndi ana a kholo limodzi amene analowa njira imodzi kawiri n'kukathera pamodzimodzi. Tikamafotokozera ana a sukulu timati zili ngati mbeu ya chimanga ya m'nkhokwe imodzi: munda ukakokoloka n'kubzalanso, mmera watsopano ufanana ndi woyamba uja, koma si womwewo.

Nanga yovuta kwambiri kuiona ndi iti?

Apa okonda mbalame amakangana, koma dzina limodzi silisowa: Habroptila wallacii, ya pa chilumba cha Halmahera ku Indonesia. Azungu anafika poitcha invisible rail, kutanthauza yosaoneka. Alfred Russel Wallace ndiye anatumiza zoyamba ku Ulaya, ndipo George Robert Gray anailemba m'mabuku a sayansi mu 1860. Ndi yakuda motuwira, mlomo wautali wofiira, miyendo yofiira. Imakhala m'zithaphwi za migwalangwa ya sago, mmene muli minga ndi matope ofika m'chiuno, ndipo kulira kwake kumamveka ngati ng'oma yapatali. Anthu ambiri amene anapita ku Halmahera chifukwa cha iyo anabwerako atangomva ng'omayo basi.

Ina ndi ya ku Zapata, dambo lalikulu la ku Cuba. Inapezeka mu 1927, kenako kuyambira m'zaka za m'ma 1970 inakhala zaka pafupifupi 40 osaonedwa mpaka pamene ofufuza anaionanso mu 2014. Pa kachilumba ka Calayan ku Philippines, asayansi anadziwa za mtundu wa kumeneko mu 2004 mokha, pamene eni mudzi ankaudziwa kuyambira kalekale. Ku Okinawa, chilumba cha Japan chodzaza ndi anthu ndi misewu, yawo inalembedwa mu 1981. Taganizani: mbalame yaikulu ngati msoti, ya mlomo wofiira, kukhala pafupi ndi anthu ophunzira osalowa m'buku mpaka chaka chimenecho.

Ku Madagascar komweko kuli ya Sakalava, kakang'ono kakuda ka m'mabango a kumadzulo, kamene anthu amakafunafuna pa bwato pa nyanja ya Kinkony.

Kodi pa Bazaruto, Inhaca kapena Quirimbas palibe yathuyathu?

Palibe. Zilumba zimenezi zili pafupi kwambiri ndi gombe, ndiye mbalame za kumtunda zimapita ndi kubwera, magazi amasakanikirana, ndipo mtundu watsopano sungapatuke. Pamafunika chilumba chakutali, chimene mlendo amafikapo mwa apo ndi apo.

Dodo nayenso anali wa banja lomweli?

Ayi, dodo, mbalame yosauluka ya pa chilumba cha Mauritius imene inatha kalekale, anali mbale wa nkhunda ndi njiwa. Koma pa Mauritius pomwepo panali nkhuku ya m'madzi yofiira yosauluka, imene inatha cha m'ma 1700. Amalinyero analemba kuti ankangoigwedezera nsalu yofiira, iyo n'kubwera yokha kudzalimbana nayo, basi ndiwo zapezeka.

Chimene chimazipha kwambiri n'chiyani?

Alendo obwera ndi sitima: makoswe, amphaka, nkhumba, agalu, nyenga, ndi munthu mwini wakeyo. Mbalame yoikira mazira pansi, yosauluka, yosadziwa mdani, ilibe pogwira.

Nkhani ya ku Guam, chilumba cha m'nyanja ya Pacific, ndiyo timaikamba kwambiri. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, njoka ya m'mitengo yotchedwa Boiga irregularis inafika pachilumbapo itabisala m'katundu wa asilikali. Inaswana, n'kuyamba kumeza mazira ndi anapiye mpaka nkhalango zinangoti zii. Mbalame yawo, imene eni ake amaitcha ko'ko', inatsala pang'ono kutheratu. Ogwira ntchito za nyama anagwira zotsala zochepa, zongopitirira 20 pang'ono, n'kuyamba kuziweta m'makola, ndipo pofika 1987 kutchire kunalibenso ngakhale imodzi. Ana ake anakawamasula pa zilumba za Rota ndi Cocos kumene kunalibe njokayo. Mu 2019 bungwe la IUCN, limene limalemba kaundula wa zamoyo zimene zili pangozi yotha, linaichotsa pa mndandanda wa zamoyo zimene zinatha kutchire, kukhala mbalame yachiwiri m'mbiri kubwerera motero.

Ya pa Wake Island sinachite mwayi umenewo. Asilikali a Japan amene anatsekeredwa pachilumbapo opanda chakudya anaidya yonse, ndipo pofika 1945 inali itatha. Ku Okinawa anabweretsa dala nyenga mu 1910 kuti zizipha njoka, koma nyenga zinaona kuti mbalame ya pansi ndi ndiwo yosavuta.

Ngakhale pa Aldabra, mbalameyi kulibe pa chigawo chachikulu chotchedwa Grande Terre chifukwa kuli amphaka olusa. Pa Picard, chigawo china cha Aldabra, inabwezeretsedwa mu 1999 amphaka atachotsedwa, ndipo inaswana bwino. Mlongo wake wa pa Assumption, chilumba choyandikana nacho, anatha anthu atayamba kukumba manyowa a mbalame za m'nyanja n'kugwetsa tchire lonse.

Ndikufunitsitsa kukaona imodzi. Ulendo wake umayenda bwanji kuchokera ku Tete?

Tinene mosabisa, Aldabra muiike pambali kaye. Ili pa mtunda woposa makilomita 1,000 kuchokera ku Mahé, chilumba chimene pali likulu la dziko la Seychelles. Kulibe hotela, kulibe mudzi, kumangokhala kagulu kochepa ka ofufuza ndi alonda pa Picard. Pamafunika chilolezo cha Seychelles Islands Foundation, bungwe loyang'anira chilumbachi, ndipo alendo ambiri amafika pa sitima zapamadzi zodula kwambiri. Katundu yense amasechedwa kuti musalowetse khoswe, nyerere kapena njere za udzu.

Madagascar ndiye yotheka kwa munthu amene wasunga ndalama zaka zingapo. Kuchokera pa bwalo la ndege la Chingodzi mudzadutsira kwina, monga Johannesburg, Nairobi kapena Addis Ababa, kenako Antananarivo. Kuchoka apo ndi makilomita pafupifupi 140 pa msewu wolowera kum'mawa kukafika ku Andasibe, komwe ya khosi loyera imaoneka m'mphepete mwa timitsinje ndi maiwe, ndipo m'madambo a kufupi muli mitundu inanso ya pachilumbapo. Tengani wolondolera wa komweko. Lamulo la m'mapaki awo limafuna zimenezo, komanso iwo amadziwa chitsamba chilichonse monga mmene inu mumadziwira dimba la amayi anu. Chifalansa pang'ono chimathandiza. Chipwitikizi sichikufikitsani patali.

Ndalama zimenezo ndilibe. Ndiyambire pati?

Pa dambo la kuseri kwa mudzi wanu. Ili ndilo yankho limene timalikonda, chifukwa munthu amene sanaphunzire kudikira nkhuku ya m'madzi ya kwawo adzangotaya ndalama ku Halmahera.

Yoyambira ndi yakuda ya kwathu kuno, Zapornia flavirostra: thupi lakuda bii, mlomo wachikasu chobiriwira, miyendo ndi maso zofiira. Ndiyo yolimba mtima pa zonse, imatuluka poyera kuyenda pa masamba a kakombo, ndipo kumene kuli mvuu nthawi zina imakwera pamsana kutola tizilombo. Muipeza m'mabango a Zambezi, a Revubue, m'magombe a Cahora Bassa ndi m'madamu aang'ono a ku Angonia. Mwamuna ndi mkazi amalira molandizana, wina mokhadzula wina monguluma. Ana a chisa choyamba amathandiza makolo kudyetsa ang'ono awo, ngati mmene mwana wachisamba amaberekera mng'ono wake.

Yachiwiri, Rallus caerulescens, ili ndi mlomo wautali wofiira ndi mizere yoyera ndi yakuda m'nthiti. Imeneyi mudzaimva kambiri musanaione. Dzinja likafika kumabwera ya m'maudzu onyowa, yomwe imaswana kuno nthawi ya mvula, ndiponso Crex crex imene imachokera ku Ulaya ndi ku Asia n'kudzakhala chete m'maudzu athu mpaka cha m'Marichi kapena Epulo. Alimi amaivumbulutsa popalira osadziwa kuti yayenda ulendo woposa wa ndege ya ku Maputo kangapo.

Kenako pali asuweni ake aang'ono a mtundu wa Sarothrura, amene akatswiri tsopano amawaika m'banja lawolawo. Ndi tating'ono ngati mwanapiye. Ka chifuwa chofiira kamakhala m'madambo a udzu wothithikana ngati a ku Tsangano ndi Furancungo, ndipo kamalira "wuu, wuu, wuu" mobwereza. Kena ka mawanga kamakonda nkhalango zowirira, ndipo usiku kapena kukachita mitambo kamatulutsa mawu aatali otsika amene sungakhulupirire kuti akuchokera m'kambalame. Ofufuza ena amaganiza kuti mawu amenewa ndiwo anathandiza kufalitsa nkhani ya njoka ya songo yolira, ija agogo ankatiopseza nayo. Sitinayesepo kuwatsutsa agogo pamaso.

Nthawi yabwino ndi iti, ndipo ndizichita chiyani ndikafika?

Fikani kusanache, tambala wachiwiri atangolira, kapena dzuwa likamapendeka. Mvula ikangokata ndi nthawi yabwinonso. Fufuzani pamene bango lalekeza ndipo pali kamalo ka matope poyera, kapena kanjira kamene ng'ombe zimamwera madzi. Khalani pansi, dzuwa likhale kumsana kwanu, chitsamba chikutchingeni kumbuyo kuti mutu wanu usaonekere kumwamba.

Ndiye dikirani. Apa ndi pamene ambiri amagwera. Mphindi khumi zoyamba dambo limadziwa kuti mwabwera ndipo limakhala chete. Mukapirira theka la ola osatambasula mwendo, osayankha foni, osamenya udzudzu mwaphokoso, mudzaona kamutu kakusuzumira m'munsi mwa bango. Osaloza ndi chala. Mnzanu muuzeni monong'ona, "kumanzere kwa chitsa." Ine tsiku langa loyamba ndinadzuka ndi chimwemwe n'kukuwa kuti "Iyo, achimwene!" ndipo m'mawa umenewo unathera pomwepo.

M'chilimwe, madzi akaphwa mu Seputembala ndi Okutobala, mbalame zimasonkhana pa zithaphwi zotsala ndipo kuziona n'kosavuta. M'dzinja zimalira kwambiri koma udzu umakhala wautali.

Ndigule zipangizo zanji?

Zoonera patali, zimene ambiri kuno amati binokulo. Zolembedwa 8x42 ndi zabwino chifukwa zimalowetsa kuwala kokwanira m'bandakucha. Zokuza kwambiri zimanjenjemera m'manja ndipo m'bango sizithandiza. Za kaunjika zilibe vuto bola magalasi asakhale ndi nkhungu mkati. Valani zovala zosawala, jombo ngati muli nazo, ndipo tengani kope ndi pensulo.

Foni yanu ndi chida chachikulu. Jambulani mawu ngakhale simukuona kanthu, kenako yerekezani ndi a pa xeno-canto, kumene anthu a padziko lonse amaika kulira kwa mbalame kwaulere. Zimene mwaona mungazilembe pa eBird, tsamba la pa intaneti limene anthu amalembapo mbalame zimene aona. Chigawo chathu chili ndi malo ambiri amene sanalembedwepo kanthu, ndiye ngakhale mndandanda wa mbalame khumi wochokera ku Chifunde kapena ku Macanga ndi wamtengo.

Kodi ndi bwino kuiitana poimba kulira kwake pa foni?

Zimagwira ntchito, n'chifukwa chake tiyenera kusamala. Mbalame ikamva mawuwo imaganiza kuti mdani walowa m'dera lake, imasiya chisa kapena ana n'kubwera kudzamenya nkhondo. Ife timati: mwachidule, motsitsa mawu, kamodzi kapena kawiri, ikayankha zimitsani. Nthawi yoswana musayese n'komwe. Pa zilumba, pamene mtundu wonse ungakhale mbalame mazana ochepa ndipo alendo onse amapita pamalo amodzimodzi, tsatirani zimene alonda anena, ndipo akaletsa musakambirane.

Palinso china. Mukaimba mawuwo pamaso pa anyamata a malegeni, mwawaphunzitsa njira yoitanira ndiwo.

Ndikangoimva osaiona, ndinganene kuti ndaipeza?

Pa kalembera wa sayansi, inde, bola mukutsimikiza mawuwo, ndipo lembani kuti munangomva. Pa mndandanda wa mumtima mwanu, zili ndi inu. Pakati pathu pali mkulu wina amene wakhala akumva ka chifuwa chofiira kwa zaka zambiri pa dambo limodzimodzi, koma amakana kukawerenga mpaka adzakaone ndi maso. Timamuseka, koma Loweruka lililonse amakhala woyamba kufika.

Pali zoopsa zanji, ndipo ndipemphe kwa yani?

M'mphepete mwa Zambezi ndi Cahora Bassa, ng'ona ndi mvuu si nthano. Zokhala pansi n'kudikira zimene tanena zija musazichite pafupi ndi madzi akuya. Kumeneko khalani pamtunda, patali ndi gombe, ndipo funsani asodzi. M'madzi oima muli likodzo ndi misundu, ndipo nthawi imene mbalame zimatuluka ndi yomweyonso ya udzudzu. Ku Mágoè, komwe kuli paki kuyambira 2013, yambani mwaonana ndi oyang'anira.

Dambo lililonse lili ndi mwini. Pitani kwa amfumu kapena anyakwawa, perekani moni, fotokozani chimene mwadzera, apo ayi anthu adzaganiza kuti mukuyeza malo kuti muwalande madimba. Musaponde mbatata ndi kabichi za eni. Nkhalango za kumanda zimakhala ndi mbalame zambiri chifukwa sizidulidwa, koma kumeneko ndi kudambwe simulowa popanda eni ake, ngakhale mutamva kulira kokoma bwanji. Pafupi ndi malire, ku Calomue kapena ku Zobue, komanso pafupi ndi damu ku Songo ndi pa milatho, yendani ndi chiphaso chanu ndipo musaloze zoonera patali kumene kuli asilikali kapena apolisi.

Kwathu ana amazikola ndi misampha. Ndiwauze chiyani?

Kuwakalipira sikuthandiza, mawa adzangopita kumene simukuwaona. Ndiponso ana amenewo ndi amene amadziwa dambo kuposa tonsefe: amadziwa pamene pali chisa, mazira angati, imatuluka nthawi yanji. Ife timawabwereka zoonera patali. Mwana akaona diso lofiira lija pafupi koyamba amakhala kaye chete, kenako amafuna kuonetsa mnzake. Timawafunsanso dzina limene agogo awo amaitchula mbalameyo, chifukwa mayina amasiyana mudzi ndi mudzi ndipo m'mabuku mulibe. Timawalemba m'kope pamodzi ndi dzina la mudziwo.

Akuluakulu timawapempha zinthu ziwiri zokha. Potentha dambo m'chilimwe asiyeko chigawo china chosapsa, ndipo pokulitsa dimba asiye kamzere ka bango m'mphepete mwa madzi, ngakhale mikono itatu yokha. Dambo la ku Angonia likazunguliridwa ndi minda mbali zonse limakhala ngati kachilumba, ndipo ka chifuwa chofiira kaja sikapita patali kukafuna kwina. Mlimi wina wa ku Domwe anatiyankha kuti bangolo amalisiya kale chifukwa ndi limene amalukira mphasa, ndipo anatitengera kukationetsa pamene yakuda ija imadutsa m'mawa uliwonse iye akamathirira tomato.